Dzina langa silinali pa fayilo ya amuna anga

Mwana wanga wotsiriza anayamba kutsegula m'mimba cha m'ma 11 koloko usiku, mu January 2024, kolera itavuta mu Lusaka. Sukulu zomwe zinayenera kutsegulidwa pa 8 January boma linali litaziimitsa, ana ankangokhala pakhomo, ndipo tonse tinkadziwa kuti ku Heroes Stadium, kumene anthu amaonerako mpira, anali atayalako mabedi a odwala. Nditasintha thewera lachitatu ola lisanathe, miyendo inandizizira. Amuna anga anali kutali, ku Birao m'dziko la Central African Republic, pa mishoni ya United Nations. M'nyumba munali ine ndi ana atatu basi.

Ndinawiritsa madzi n'kuyeza lita imodzi, ndinathiramo timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere monga anatiphunzitsira ku sikelo, n'kuyamba kumumwetsa pang'onopang'ono. Akamwa ankasanza. Ndinatuluka kukagogoda pa zenera la amake mapasa, anansi anga pa pulotipo ku Chilenje. Sanandifunse zambiri. Anamanga chitenje pamwamba pa chovala chogonera, anadzutsa mwana wawo wamkulu kuti akagone ndi ana anga awiri, ndipo tinathamangira kuchipatala cha boma chapafupi. Anamuika dripi usiku womwewo. Sinali kolera, Mulungu alemekezeke. Koma adokotala atayang'ana m'zikope ndi m'manja mwa mwana anati magazi ndi ochepa kwambiri, pafunika kupima bwino kuti adziwe chikuwatha n'chiyani.

Pamzere wa mankhwala m'mawa mwake amake mapasa anandifunsa kuti, "Kodi asisi, mwanayu ku kiliniki ya m'kampu amamudziwa?" Ndinati ayi, sitinapiteko. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anafunsanso: "Nanga namba ya amuna anu mumaidziwa?" Ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse. Anagwira dzanja langa n'kunena kuti sakunena namba ya foni, akunena namba ya usilikali.

Sindinkaidziwa. Ndinali nditakhala m'banja ndi msilikali zaka zoposa 10, ndikuchapa ndi kusita yunifomu, ndikupukuta nsapato mpaka kuwala, koma namba imene asilikali amamudziwira mwamuna wanga sindinkaidziwa.

Amake mapasa anali osiyana ndi ine. Iwo anabadwira m'kampu, ku Gondar Barracks ku Chipata, atate awo anali msilikali, n'kudzakwatiwanso ndi msilikali. Ine ndine wa kumudzi ku Katete. Tinakwatirana mwamwambo, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi, zonse zinachitika mwadongosolo, koma pepala la ukwati panalibe. Titabwera ku Lusaka sitinapeze nyumba m'kampu, tinachita lendi ku komboni monga mabanja ambiri a asilikali. Ndipo apa m'pamene pali kusiyana kumene ndikufuna akazi anzanga akumve. Wokhala m'kampu nkhani zimamupeza zokha: amamva kwa anansi, amamva kutchalitchi cha m'kampu, mkazi wa a RSM, sajeni wamkulu wa pakampu, amamudziwa nkhope. Ife a ku Chilenje, Chawama, Kanyama, Mtendere kaya Matero, palibe amene amabwera kudzatigogodera. Ukapanda kupita wekha, umakhala ngati kulibe.

Patapita masiku awiri tinakwera basi kupita kukampu kumene amuna anga amagwira ntchito. Pageti amake mapasa ndi amene anayankhula. Anatchula udindo wa amuna anga, dzina lawo ndi kampani yawo, ndipo namba ndinali nditailemba pachikhatho ndi bolopeni, chifukwa usiku wa dzulo lake ndinali nditaifunsa pa WhatsApp. Anatilozera ku ofesi ya asilikali otsala, amene amayang'anira za kunyumba anzawo akapita ku mishoni. Kalaliki wake, kopolo wachinyamata waulemu kwambiri, anatipatsa mipando n'kupita kukatenga fayilo. Anaitsegula, anatembenuza mapepala, anabwereranso poyamba. Kenaka anatsitsa mawu.

"Amai, pano akuoneka kuti ndi wosakwatira. Next of kin, wachibale woyamba kudziwitsidwa, ndi amai awo. Ana palibe amene analembedwa."

Ndikukumbukira kuti ndinayang'ana pepala lija lili chozondoka kwa ine, ndikuona dzina la apongozi anga lolembedwa ndi dzanja la amuna anga, zilembo za mnyamata wongochoka kumene kusukulu. Analilemba tsiku limene ankalowa usilikali, asanandidziwe n'komwe. Kuyambira pamenepo sanalikhudzenso. Mwana anali kumsana akupuma motentha pakhosi panga. Zimene zinabwera m'mutu mwanga sizinali za magazi a mwana. Ndinaganiza kuti, anthu awa atalandira uthenga woipa kuchokera ku Birao lero, galimoto yawo ipita ku Katete, ine ndidzamvera kwa anthu.

Kopoloyo sanalakwe chilichonse, anawerenga zomwe zinalembedwa. Ndipo sanatibweze chimanjamanja. Anatitengera kwa bwana wake, bwanayo anatimvetsera mpaka kumapeto, anatumiza uthenga kwa akuluakulu a amuna anga ku mishoni kuti atsimikize kuti ndine mkazi wawo, ndipo analemba namba yanga ya foni m'buku lawo kuti pakakhala nkhani iliyonse ya mabanja nanenso azindiimbira. Anandiuza mosabisa kuti kukonza fayilo kwenikweni kudikira mwiniwake, chifukwa ndi iye woyenera kusaina ndi kubweretsa mapepala. Mwana tinapitiriza naye kuchipatala chachikulu cha UTH, ndipo anathandizidwa bwino.

Usiku umenewo ndinadikira kuti netiweki igwire. Ku Birao nthawi ili m'mbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi kuno, ndipo foni inkagwira mwa apo ndi apo, nthawi zina masiku atatu osamvana. Atayankha ndinangofunsa kuti, "Atate ake, ine ndine ndani kwa inu?" Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Amake mwana, ndinkangoti ndidzachita." Ndinawakhulupirira, ndipo mpaka lero ndimawakhulupirira. Panalibe mkazi wina, panalibe chobisa. Kunali kuzengereza chabe, kwa munthu amene ankaona kuti popeza ankhoswe akudziwa, dziko lonse likudziwa. Ndakumana ndi akazi ambiri chichokereni tsiku limenelo amene nkhani yawo ndi yomweyi.

Miyezi yotsatira inali yowawa kwa aliyense mu Zambia. Mvula inadula, chimanga chinauma chisanabereke, ndipo pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, malaiti anayamba kupita maola ambirimbiri, makala anakwera, unga unakwera. Kumudzi ku Katete nkhokwe zinali zopanda kanthu, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwana wawo ali ku mishoni, choncho foni yanga sinkapuma. Khadi ya ku banki amuna anga anandisiyira, koma ndalama yolowa inali yochepa kuposa mmene ndinkaganizira. Nditapempha payslip m'pamene ndinaona kuti pali ngongole ziwiri zimene zinkadulidwa mwezi ndi mwezi, imodzi ya maliro a malume awo, ina ya njinga yamoto imene anagulira mng'ono wawo. Akazi anzanga, payslip muziiona amuna anu asananyamuke, mukhale pansi awiri muwerenge mzere uliwonse. Si kusakhulupirirana. Ndi inu amene mutsale ndi lendi.

Mwezi wina ndinatsala pang'ono kutenga kaloba. Munthu wake ankafuna kuti ndimusiyire khadi ya ku banki ndi reji yanga. Amake mapasa atamva anandikalipira ngati mwana wawo, n'kunditengera ku gulu la amai a asilikali limene linkakumana Loweruka masana. Kumeneko ndinalowa chilimba, ndinaphunzira kumene unga wa Eagles wa asilikali a Zambia National Service unkagulitsidwa motsika mtengo ndi tsiku loyenera kulawirira pamzere, ndipo ndinayamba kukazinga vitumbuwa ndi ndalama ya chilimba choyamba. Poyamba ndinkaopa magulu amenewa. Ndinkamva kuti kumeneko udindo wa mwamuna umavalidwa ndi mkazi, kuti mkazi wa kopolo sangatsegule pakamwa pali mkazi wa mejala. Ulemu wa maudindo ulipodi, sindinganame, koma amai amene anandigwira dzanja kwambiri chaka chimenecho anali mkazi wa bwana wamkulu, amene amuna awo anapitako ku mishoni kangapo. Iwo ndi amene anandiuza kuti ndisamauze ana nkhani iliyonse yomwe ndaona pa Facebook yokhudza Central African Republic, ndiponso kuti ndisamalembe pa intaneti kumene amuna anga ali kapena tsiku lobwera. Mphekesera ikabuka, ankati, imbani ku ofesi ya otsala, musaimbe kwa mnzanu amene nayenso wangomva.

Amuna anga anabwera ali wowonda, wakuda ndi dzuwa, koma wamoyo. Sabata yachiwiri, alendo atachepa, ndinawauza kuti ndisanaone chitenje chilichonse chimene andibweretsera ndikufuna pepala. Tinaitanitsa ankhoswe ku Katete, a kwawo ndi a kwathu, tinawalipirira basi mpaka ku Intercity, ndipo tinapita nawo ku local court kumene anachitira umboni kuti ukwati wathu unachitika mwamwambo. Tinalandira setifiketi. Ambiri sadziwa kuti ukwati wamwambo ndi wovomerezeka m'malamulo a Zambia ndipo local court imapereka pepala lake, safunika kuchita kuvala velo kapena kupita ku Civic Centre ngati sakufuna. Kenaka tinatenga makadi a sikelo ndi mapepala a kuchipatala kumene ana anabadwira, n'kupita ku Kundalila House mu Dedan Kimathi Road kukalembetsa masetifiketi a kubadwa. Zonsezi amuna anga anakazipereka ku ofesi yawo, anasintha next of kin, analembetsa ana onse atatu. Ndinapempha kuti ndione ndi maso anga, ndipo kopolo yemwe uja ananditembenuzira fayilo kuti ndiwerenge bwino.

Kuyambira pamenepo mwana timayamba naye ku kiliniki ya m'kampu, ndipo pamene anafunika dokotala wamkulu anatilembera kalata yopita ku Maina Soko ku Woodlands, chipatala cha asilikali chija chimene a Kenneth Kaunda anamwalirirako pa 17 June 2021. Koma ndinene apa kuti mwana akadwala mwadzidzidzi usiku, makamaka kutsegula m'mimba, thamangirani chipatala chimene chili pafupi, monga tinachitira ife. Za makalata mudzaziona kukacha.

Chimene sindinachiyembekezere chinali munthu amene anabwera m'thupi la amuna anga. Masana anali bwinobwino, akuseka ndi ana, akuonera mpira wa Green Buffaloes ndi anzawo. Usiku sankagona. Ndinkadzuka cha m'ma 2 koloko n'kuwapeza atakhala pa mpando pabalaza, mumdima, nkhope italoza kukhomo. Kutchalitchi anasiya malo athu a kutsogolo n'kumakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Tsiku lina mwana wathu wamkazi anagwetsa chivundikiro cha poto pa simenti. Amuna anga anadzuka ngati agwidwa ndi magetsi n'kukuwa mawu amene sindinawamvepo m'nyumba mwathu. Mwana anaima chilili, mkodzo ukutsika m'miyendo. Iwo atamuona anatuluka panja, ndinawapeza kuseri kwa nyumba atagwira khoma, manja akunjenjemera. Usiku wolowera chaka chatsopano, anthu akuphulitsa makombola m'komboni monse, anadzitsekera m'chipinda n'kukweza wailesi mpaka mapeto. Mowa nawo unayamba kuchuluka, akuti kuti tulo tibwere.

Zimene anaona kumeneko sanandiuze zonse, ndipo ndinasiya kufunsa. Ndikudziwa kuti Birao ili kufupi ndi malire a Sudan ndi Chad, ndipo nkhondo itayamba ku Sudan mu April 2023 anthu ambiri othawa anafikira m'dera limenelo. Kamodzi kokha anatchula za mai wina amene anafika ndi mwana kumsana osadziwa kuti mwanayo anatha kale panjira. Ananena zimenezi akuyang'ana mbale ya nsima, ndipo sanadyenso.

Achibale ankati alodzedwa chifukwa cha ndalama za mishoni. Ena ankati ndi mizimu ya kumene anapita, apite kwa sing'anga akasambe. Ine ndinapita kwa abusa a m'kampu, a chaplain, ndekha, amuna anga osadziwa. Ndinkaopa kuti ndikuwaneneza kwa mabwana awo ndipo ndiwawonongera ntchito, chifukwa msilikali amaopa kwambiri kutchedwa wofooka. Abusawo nawonso ndi msilikali, amavala yunifomu, anapitako ku mishoni. Anandimvetsera n'kunena kuti, "Amai, zimene mukunenazi ndazimva kwa ambiri. Si misala, si ufiti. Ndi bala, koma lili mkati." Sanawaitanitse ku ofesi. Anabwera kunyumba Lamlungu madzulo ngati kudzacheza, atatenga mdala wina wopuma pantchito amene anali ku Sierra Leone m'chaka cha 2000, nthawi imene asilikali a Zambia anagwidwa ndi zigawenga za RUF. Ine ndinawaikira tiyi n'kupita kwa amake mapasa. Anakhala maola atatu. Sabata yotsatira amuna anga anavomera okha kukaonana ndi a uphungu kuchipatala cha asilikali.

Sizinathe tsiku limodzi, ndipo sindinganene kuti zinatheratu. Koma tsopano amagona, mowa anachepetsa, ndipo anamupepesa mwana wawo atagwada kuti maso awo alingane. Kwa amene safuna kuyambira m'kampu, ku Chainama Hills mu Great East Road kuli madokotala ndi aphungu a za maganizo, ndipo si onse opita kumeneko amene amagonekedwa, ambiri amangoonana ndi dokotala n'kubwerera kwawo. Palinso namba yaulere ya 933 ya Lifeline imene munthu angaimbe osatchula dzina, ndi 116 ya ana. Ndipo ndinene mosapsatira: amuna anga sanandimenyepo, koma ndikudziwa nyumba zimene zinafika pamenepo. Kuvutika maganizo kwa mwamuna si chilolezo chomenyera mkazi. Yunifomu simuika munthu pamwamba pa lamulo la 2011 loletsa nkhanza za m'banja. Pali Victim Support Unit ku polisi, pali a Military Police m'kampu, pali abusa. Musadikire kuti mudzatuluke m'nyumba mutanyamulidwa.

Kenaka tsoka linagwa khomo loyandikana nalo. Atate a mapasa, amene anali staff sergeant, anadwala masabata ochepa n'kumwalira, kuno konkuno ku Lusaka, osati ku nkhondo. Asilikali anagwira maliro mwaulemu wonse: anabweretsa tenti, nkhuni ndi chakudya, bokosi linakutidwa ndi mbendera, mfuti zinalira kumanda, chipewa ndi lamba anazipereka m'manja mwa mkazi wamasiye. Koma tenti itangochotsedwa, achibale a mwamuna anakhala pabalaza ndi kope ndi bolopeni. Analemba firiji, TV, mipando, makina osokera a amake mapasa enieniwo, ndi nyumba yosatha imene banjali linkamanga ku Chalala. Mlamu wawo wamkulu anati iye ndiye akhale administrator, ndipo anapempha khadi ya ku banki ndi mapepala a puloti.

Ndinali nditakhala pansi pakhomo la kukhitchini pamodzi ndi amai ena. Amake mapasa anali atafunda chitenje kumutu, maso otupa, mawu atatha ndi kulira. Anayankha motsitsa, mwaulemu wonse, osadzutsa mutu: "Alamu, ndamva. Koma mapepala a malemu sindipereka lero. Tidikire abwana a ku ntchito kwawo abwere mawa, tikambe onse pamodzi." M'mawa mwake kunabwera ofisala wa ku unit pamodzi ndi abusa aja. Ofisalayo anatsegula fayilo pamaso pa onse. Munali setifiketi ya ukwati, maina a ana onse anayi, ndi next of kin amene anali amake mapasa. Nkhani ya kope ija inazizira pomwepo.

Masiku amenewo ndi amene ndinaphunzira lamulo la chuma cha masiye, Intestate Succession Act ya 1989, limene limagwira ntchito munthu akamwalira osasiya wilo. Ndinkaperekeza amake mapasa kulikonse, mpaka ku National Legal Aid Clinic for Women kumene loya wachizimai anatifotokozera bwinobwino. Chuma chimagawidwa motere: 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 peresenti kwa ana, 20 peresenti kwa makolo a malemu, ndi 10 peresenti kwa ena amene malemu ankawasunga. Katundu wa m'nyumba ndi wa mkazi ndi ana. Nyumba nayo ndi ya mkazi ndi ana, ndipo mkazi ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Abale a malemu, achimwene kaya alongo, alibe gawo pamene pali mkazi, ana ndi makolo, kupatula ngati anali m'gulu la osungidwa ndi malemuyo. Administrator si mwini chuma, ndi wogawa chabe, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu umene Victim Support Unit imaulandira. Malo a kumudzi a pansi pa mafumu lamuloli siliwakhudza. Pomaliza banja linagwirizana kuti ma administrator akhale awiri, amake mapasa ndi mlongo wa malemu, ndipo khoti linawapatsa pepala.

Panatulukanso china chowawa. Mai wina anabwera ndi mnyamata wa zaka ngati 12, nkhope yake ya malemu yeniyeni. Lamulo silisiyanitsa mwana wa m'banja ndi wa kunja, onse ndi ana, onse amalowa mu 50 peresenti ija. Amake mapasa analira usiku wonse kunyumba kwanga. Kutacha anati mwanayo alembedwe, sanadzibale yekha. Ndinawalemekeza kwambiri tsiku limenelo, ngakhale ndinaona mmene zinawapwetekera.

Za penshoni, ambiri amaganiza kuti aliyense wogwira ntchito ali ku NAPSA, bungwe la penshoni la dziko lonse. Asilikali ali ku Public Service Pensions Fund, imene anthu amangoti PSPF. Ogwira ntchito m'boma amene analembedwa kuyambira 2000 anapita ku NAPSA, koma a chitetezo anatsala ku PSPF. Mapepala a amake mapasa anayambira ku unit ya malemu, ndipo zimene anawapempha ndinazilemba kuti ndisadzaiwale: setifiketi ya imfa, setifiketi ya ukwati, mapepala a kubadwa a mwana aliyense, mareji, pepala la khoti la administrator, ndi akaunti ya ku banki. Chimene chinawachedwetsa chinali chaching'ono. Dzina la mmodzi wa mapasa linalembedwa mosiyana pa setifiketi ya kubadwa ndi pa fayilo, chilembo chimodzi chokha, ndipo panafunika kukalumbira kwa a commissioner for oaths kuti ndi mwana yemweyo. Nditabwera kunyumba tsiku limenelo ndinayala mapepala athu onse pabedi n'kuyamba kufananitsa maina chilembo ndi chilembo. Ndinapeza kuti dzina langa pa reji lili ndi "h" amene pa setifiketi ya ukwati palibe. Tinakakonza mwezi womwewo.

Ana a malemu sanasiye sukulu. Kuyambira January 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka giredi 12, ndipo wamkulu uja, amene anagona ndi ana anga usiku wa dripi, anapeza bursary ya CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera, yophunzirira ntchito zamanja. Mafomu ake anakatenga kwa a Ward Development Committee a m'dera lathu. Thandizo limeneli si la asilikali okha, koma mabanja a asilikali ambiri salifunsira, amaganiza kuti zawo zonse ziyenera kuchokera ku Arakan, kulikulu la asilikali.

Amake mapasa anali ndi mwayi umodzi: sankakhala m'nyumba ya m'kampu. Amene amakhala m'kampu amadziwa kuti nyumba ija ndi ya ntchito. Mwamuna akapuma, akachotsedwa kapena akamwalira, banja limapatsidwa nthawi kenaka liyenera kutuluka kuti mulowe wina. Ndaonapo amai akulongedza katundu wa zaka 20 osadziwa kolowera. N'chifukwa chake ndalama za mishoni za amuna anga, zimene zinatsala titabweza ngongole ziwiri zija ndi kugulira makolo matumba a chimanga, tinagulira kapuloti. Achibale ena anakhumudwa, ankayembekezera minibasi kapena phwando. Tinapirira mawu awo. Pulotiyo ili m'maina a tonse awiri, ndipo amuna anga analemba wilo, anasaina pamaso pa mboni ziwiri zimene sizilandira kanthu m'wiloyo, monga lamulo limafunira.

Amake mapasa anasamukira ku Chalala, m'zipinda ziwiri zimene anakwanitsa kufolera. Makina awo osokera ali pakhonde, amasoka mayunifomu a sukulu. Ndimapitako kawirikawiri. Mapepala athu ndimasunga m'chikwama cha pulasitiki pamwamba pa wadirobu, mafotokope ake ali kwa mchemwali wanga ku Kabwata, zithunzi zake zili mu foni. Namba ya usilikali ya amuna anga ndinailemba ndi maka mkati mwa chitseko cha kabati ya mbale, pamodzi ndi namba ya ofesi yawo ndi ya abusa, ndipo mwana wanga wamkulu anailoweza.

Lamlungu lapitali kutchalitchi kunabwera mtsikana wachilendo wa mimba yaikulu, Chichewa chake cha ku Chadiza. Titatuluka ndinamupatsa moni, ndipo anandiuza kuti amuna ake ndi a ZAF, asilikali a ndege, angosamutsidwira kuno kuchokera ku Mumbwa, akuchita lendi ku Kamwala South, ndipo pali mphekesera yoti mwina apita kunja chaka chamawa. Ndinamufunsa ngati namba ya amuna ake amaidziwa. Anatulutsa foni. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti sindikunena imeneyo. Tapangana kuti Lachitatu m'mawa abwere kunyumba ndi mapepala onse amene ali nawo, ndipo ankhoswe ake ati angathe kufika kumapeto kwa mwezi.